Pepala Langa la Matemba ndi Chopereka cha ku Kachulu

Masiku ano ndikatsika minibasi pa doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, ndimavala chipewa chofika m'maso, ndipo ndimadzera njira yakuseri kwa mashedi a nsomba. Sindinabe kanthu ayi. Kungoti pali amayi ena pa dokopo amene akangondiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ndiye ndati ndiulule ndekha zomwe zinachitika, poti nkhaniyi ikamakambidwa ndi ena ikumabwera ndi zokometsera zochuluka.

Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno kwa Kuntumanji, ndipo chaka chathachi ndimamaliza digiri yachiwiri pa yunivesite. Kafukufuku wanga anali wa kayanikidwe ka matemba. Miyezi ingapo ndinkakhalira pa doko ndi kope m'manja, kufunsa amayi oyanika nsomba mafunso osatha. Mtsogoleri wawo anali mayi Nachuma, munthu wa mawu amphamvu oti akaitana ali pamtunda, asodzi a m'mabwato amatembenuka. Ndinawalonjeza kuti nzeru zawo zidzawerengedwa dziko lonse lapansi. (Palibe anandipempha lonjezo limeneli. Linangotuluka lokha pakamwa.)

Nditamaliza ndinalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ina ya akatswiri kunja. Patapita miyezi, Lachiwiri lina ndili mu ofesi ya aphunzitsi, imelo inalowa. Ndinangowerenga mzere woyamba wokha, woti pepala lalandiridwa, basi ndinayamba kuimba mafoni. Ndinaimbira mkazi wanga, atsibweni anga a Namakhwa ku Kachulu, ngakhale mnzanga wina yemwe tinasiya kuyankhulana kalekale. Ndinauza ahedi kuti ayambe kuzolowera kundiona pa wailesi yakanema.

Madzulo ake m'pamene ndinawerenga mpaka pansi. Kumeneko analemba kuti, pofuna kuti pepalalo lizitsegulidwa ndi munthu aliyense pa intaneti popanda kulipira, wolembayo ayenera kupereka ndalama. Ndalama yake inali ya madola. Nditaitembenuza kupita m'makwacha ndinaganiza kuti foni yasokonezeka, ndiye ndinaizimitsa n'kuyatsanso. Inali yomweyo. Inali ndalama yogulira boti, injini yake, ukonde, n'kutsalako ya fanta.

Munthu wanzeru akanapita kwa aphunzitsi ake oyang'anira kafukufuku kukafunsa. Koma ine ndinali nditakhala zaka ziwiri ndikugwedeza mutu pamaso pawo ngati ndikumva zonse, ndipo sindinafune kuti aone kuti kugwedezako kunali kwa ulemu chabe. Choncho Loweruka ndinakwera kabaza kupita kwa atsibweni.

A Namakhwa ndi mlimi wa mpunga, komanso ali ndi mabwato awiri. Ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Ndinawafotokozera monong'ona, n'kuwapempha kuti nkhaniyi ithere pomwepo.

"Ndiye akufuna ulipire iweyo?" anafunsa. "Walemba ndiwe, ulipirenso ndiwe?"

"Eya atsibweni, ndi mmene zimayendera kwa ophunzira."

"Ha! Ndiye bola ife osaphunzira. Koma usade nkhawa mphwanga. Dzina la banja lathu silingagwe chifukwa cha ndalama. Nkhaniyi ili m'mimba mwangamu."

M'mimba mwawo inakhalamo tsiku limodzi. Lamulungu kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, ndinangoona a Namakhwa aimirira atavala jekete yawo ya pa maukwati. Anauza mpingo wonse kuti mwana wa mlongo wawo walemba buku la matemba a m'Chilwa, azungu aligwira, ndipo akuti salitulutsa mpaka tiliwombole. Amayi a mumpingo anapuma mokweza. Wina kumbuyo anati, "Ambuye atichitire chifundo." Ine ndinali pa benchi yachitatu ndikuyang'ana nsapato zanga.

Apa ndiye panafunika ndiimirire n'kunena kuti si buku, ndi masamba khumi ndi awiri okha, ndipo palibe waligwira. Koma anthu anali atayamba kuwomba m'manja, ndipo ndivomere kuti zinandikomera. Ndinaimirira ndithu, koma n'kungowerama pang'ono ngati phungu.

Sabata imeneyo khonde la atsibweni linasanduka msika. Anthu anabwera ndi mpunga m'mabeseni, nandolo, nkhuku, mazira. Atsibweni anamangirira mbuzi yawo yamkota pa mtengo wa mango kuti ogula aione. Mayi Nachuma anabwera ndi anzawo atasenza thumba la matemba ouma bwino.

"Aphunzitsi, nzeru zili m'menemo ndi zathu," anatero. "Zisagone kundende. Kagulitseni awa ku msika wa Songani, kumeneko mtengo uli bwino."

Nkhuku imodzi atsibweni anaipha tsiku lomwelo, akuti munthu woganiza kwambiri amafunika msuzi. Ndinadya. (Ndinatenganso chiwindi. Poti ndikuulula, ndiulule zonse.)

Amene anandipulumutsa mosadziwa anali mkulu wa mpingo. Iwo anati asanalole chopereka chapadera m'tchalitchi, ndibweretse kalata ya ku yunivesite yokhala ndi chidindo. Ndiye Lachinayi ndinakwera minibasi ya ku Zomba ndi thumba langa la matemba, cholinga ndikatenge kalatayo kenako ndipitirire ku Songani.

Ku ofesi ya dipatimenti, mlembi anamva nkhani yanga atatseka mphuno ndi mpango, n'kunena kuti za mapepala ndikaonane ndi mayi Chikopa ku laibulale. Mlonda wa ku laibulale anakana kuti thumba lilowe, koma fungo linalowa nane. Ana asukulu ankadzutsa mitu m'mabuku ndikamadutsa.

Mayi Chikopa ndi munthu wamfupi, wa magalasi olendewera pa chingwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditafika pa mbuzi anavula magalasi aja.

"Bambo, mwati magazini yake ndi iti?"

Ndinatchula. Anagogoda pa kompyuta kanthawi, kenako anaitembenuzira kwa ine.

"Yunivesite yathu ili pa mgwirizano ndi kampani yosindikiza magazini imeneyi. Munthu wathu aliyense, mphunzitsi kaya wophunzira, pepala lake likalandiridwa limatuluka loti aliyense awerenge, ndipo wolembayo salipira kalikonse. Tinalengeza. Tinachititsa msonkhano kawiri. Chikalata chake chili pachitseko chomwe mwalowera."

"Nanga bwanji ine andilembera kuti ndilipire?"

"Munatumiza pepalalo ndi imelo ya yunivesite?"

Ndinati ayi. Imelo ya yunivesite ndinaiwala mawu ake otsegulira sabata yoyamba yomwe, ndiye ndinkagwiritsa ntchito yanga yakale, yomwe ndinatsegula ndili fomu folo.

"Makina awo amazindikira anthu athu poona imelo ndi dzina la sukulu. Yanuyo imati chiyani?"

Ndinayankha motsitsa mawu. Anati sanamve. Ndinabwereza, ndipo anyamata awiri pa tebulo lapafupi anamva bwinobwino: "Mlamba wonenepa."

Mayi Chikopa anayesetsa ndithu. Anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa okha n'kumagwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Ndiye akatswiri akunja akhala akulemberana makalata ndi mlamba wonenepa miyezi yonseyi?"

Anandithandiza kutsegula imelo ya yunivesite ija. M'menemo munali makalata awo onse onena za mgwirizanowo, ondikumbutsa mwaulemu, osatsegulidwa ngakhale imodzi. Tinasintha imelo pa tsamba la magaziniyo, tinasankha dzina la yunivesite, iwo anavomereza mbali yawo, ndipo pamalo pomwe panali madola aja panabwera ziro. Zonsezi zinatha tiyi wawo asanazizire.

"Safunsa anadya phula," anatero pondiperekeza pakhomo. "Koma inu mwadya nkhuku ya eni ake."

Ku Songani sindinapitenso. Ndinabwerera ndi thumba langa, ndipo ulendo wa ku Kachulu tsiku limenelo unafupika modabwitsa. Ndinkafuna tayala liphulike, koma minibasi inayenda bwino kuposa masiku onse.

Nditafika ndinawauza atsibweni zonse.

"Zaulere?" anatero. "Ndiye kuti aliwerenga aona kuti ndi lopanda ntchito?"

Ndinafotokoza kuti si choncho, ndi mgwirizano wa pakati pa yunivesite ndi osindikiza. Anagwedeza mutu mofanana ndi mmene ine ndinkagwedezera kwa aphunzitsi anga. Kenako anakamasula mbuzi yawo, n'kunena kuti poti iwo analengeza atavala jekete, ine ndikalengezenso ndekha Lamulungu.

Ndinalengeza. Sindikumbuka bwino mawu anga, koma ndikukumbuka kuti mkulu wa mpingo anachita kuimbitsa nyimbo kuti anthu asiye kuseka. Masiku awiri otsatira ndinayenda khomo ndi khomo pa njinga kubweza mpunga, nandolo ndi nkhuku. Mwini nkhuku yodyedwa ija, gogo wina wamasiye, ndinamugulira tambala pamsika. Anamuyang'ana, n'kumunyamula kuyesa kulemera kwake, n'kunena kuti yake ija inkaikira mazira.

Pepala litatuluka ndinaganiza kuti ulemu wanga ubwerera. Ndinapita pa doko ndi foni, n'kuonetsa mayi Nachuma kuti onani, aliyense padziko lapansi akhoza kulitsegula.

"Aliyense?" anafunsa akuyang'ana Chingerezi chokhachokha. "Nanga ife eni ake? Tiwerengereni m'Chinyanja timve."

Amayi anasiya ntchito n'kukhala pansi mozungulira. Ndinayamba kumasulira, mawu ndikuwakweza bwino. Zinkayenda mpaka ndinafika pomwe ndinalemba kuti amayi a ku Kachulu amatembenuza matemba kawiri patsiku, m'mawa ndi masana.

"Imani kaye," anatero mayi Nachuma. "Kawiri? Anakuuzani zimenezo ndani?"

"Inuyo mayi. Ndinalemba m'kope."

Anayang'anizana ndi anzawo, onse n'kuphulika.

"Aphunzitsi inu! Matemba otembenuza kawiri angaume? Timatembenuza malinga ndi dzuwa, kaya kanayi, kaya kasanu. Tsiku lija tinangoti kawiri kuti muchoke. Munali mutaima pamphasa yoyanikira kuyambira m'mawa, mafunso osatha, ntchentche n'kumatera nsomba."

Ndinafunsa ngati pali zinanso zomwe anandiyankha kuti ndichoke. Anati ndiwerengebe, aziimitsa akamva. Mwamwayi anaimitsa kamodzi kokhako, ngakhale pena ndinkaona ena akutsinana.

Phunziro ndalitola: munthu uzifunsa, ndipo ukayankhidwa msanga uzifunsanso. Panopa ndikulemba kalata yopita kwa akonzi a magazini ija yokonza cholakwacho. Ndinawaimbira mayi Chikopa kufunsa ngati imeneyi ili ndi malipiro. Anati ayi, nayonso ndi yaulere, ndipo akonziwo adzaimata pamwamba pa pepala langa kuti munthu aliyense padziko lapansi aziiwerenga.