A Sailesi ndi Tambala wa mu Kompyuta

A Sailesi sankamva zimene ukunena, ankangomva mmene zikumvekera. Ukawadandaulira kuti msana wavuta, iwo amvekere, "Bwerezaninso achimwene, koma motsitsa," uku akukulozetsa maikolofoni.

Anachokera ku Joni ndi kompyuta yopekera nyimbo, naiika kuseri kwa golosale ina pa Dwangwa, poti pamenepo panali magetsi. Masana ankaphunzitsa achinyamata. M'mawa ankayendayenda kujambula mawu: achule a m'minda ya mpunga, nkhafi, mathirakitala a nzimbe, ngakhale nkonono za a Habibu, telala wathu.

"Nanga nyimboyo ili kuti?" tinkawafunsa.

"Ikupsa."

Inakhala ikupsa kwa zaka. Iwo ankangofuna chinthu chimodzi: kuti tidzaimvere mpaka kumapeto. Tsoka lake, inapsa chaka cha chisankho. Tsiku loimvetsera holo inadzaza, ndipo nyimbo inayamba ndi kulira kwa tambala.

"Kani ndinu a chipani cha tambala wakuda," anatero a Yusuf, atavala zachikasu mpaka chipewa.

"Ameneyu ndi tambala wa Rute, neba wanga. Ndi wofiira," anayankha a Sailesi.

"Wakuda. Ndamumva ndekha."

Ena anaimirira kuwomba m'manja, ena anatuluka, nyimbo n'kuthera pomwepo. A Sailesi anaonda sabata imeneyo. Anachotsa tambala naikapo bakha, poti bakha analibe chipani, kenako anayenda khomo ndi khomo kutipempha.

Tinabwereranso, koma aliyense ankangosakamo chake.

"Mbuzi yanga iyo."

"A Habibu, ndinu amenewo, musakane."

A Sailesi anagwira kumutu. Kenako phokoso lonse linazilala, kunatsala mluzu wokha, wa munthu wosoka ukonde. Mayi Flossie anaika dzanja pakamwa. Anali amuna awo, amene tinawaika m'manda dzinja lapitalo. Palibe anatsokomola mpaka nyimbo inatha.

"Aphunzitsi," anatero mayiwo, "tabwezani."

Anabwezabweza mpaka magetsi anathima. Potuluka ndinaona a Sailesi akupukuta magalasi awo nthawi yaitali.

Anatisiya chaka chatha. Wophunzira wawo Sharifa ndiye ali ndi makinawo tsopano, amapeka nyimbo za maukwati, ndipo zimavinika ndithu. Pa Dwangwa phokoso likadalipo lambiri, kungoti limapita pachabe.

Dzulo chitseko changa chinalira bwino kwambiri. Ndinachitseka n'kuchitsegulanso, ndikuyang'ana kumsewu. Mafuta sindinachithire.