Kagetsi kogwira akuba mtedza

Matuza ali m'manja mwangawa musandifunse. Kapena funsani, nkhani yake ndimaikonda.

Holide yathayi, Abambo wansembe wa pamishoni yathu, kumapiri kuseri kwa Kasakula, anabwera ndi kompyuta yopinda ngati buku. Poona kuti ndili Fomu 3 ndipo masamu sandivuta, anandiphunzitsa kulemba timalamulo toti makinawo azimvera. Anandibwerekanso buku la makinawo (apa mpamene analakwitsa).

M'bukumo ndinapeza kuti mkatikati mwa makinawo muli kamalo kena kosunga nambala imodzi. Ukasintha nambalayo, kagetsi kobiriwira ka pamwamba pa mabatani kamayaka. Tsamba lotsatira sindinawerenge. Ndiwerengerenji, kagetsi katayaka kale?

Tsono mu ofesimo muli Mayi Nachisale, otayipa makalata a parishi. Amanyadira kuti satayipa moyang'ana zala, maso amangokhala papepala lomwe akukopera. Ine amanditcha "kamfiti ka Abambo". Komanso ndinkadziwa yemwe amachepetsa mtedza wokazinga wa m'kabati ya Abambo.

"Amayi," ndinatero Lachinayi m'mawa, nkhope ili ngati ya wotumikira pa guwa, "mwamva? Makinawa amanunkhiza zala. Munthu wakuba akawakhudza, kagetsi aka kamayaka."

"Choka apa iwe! Ukanamize anzako kusukulu."

Ine n'kuti nditawalamula kale makinawo kuti akangodzuka, kagetsi kayake.

Masana kunabwera a Kampanje, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, baji ili pachifuwa. Ankafuna kuti mawu awo olandirira alendo ochokera ku boma atayipidwe pa makina atsopanowo. Mayi Nachisale anatsegula, nadina. Kagetsi ng'anii!

Ndinali pawindo, ndikuluma kolala kuti ndisaseke. Mayiwo anayang'ana a Kampanje, anayang'ana kabati, kenaka anavula duku n'kufunditsa kagetsi ndi galasi loonetsa zolemba lomwe.

"Fumbi, bwana," anatero, zala zili kuthamanga.

Pulinta inalira, pepala linatuluka. A Kampanje anavala magalasi, kuvula, kuvalanso.

"Mayi, z52606 ndiye chiyani?"

Anali "zikomo" ameneyo. Pepala lonse linali lotero, zilembo zosakanizika ndi manambala. Tsamba lomwe sindinawerenge lija, kani limanena kuti nambala yoyatsa kagetsiyo ndi yomwenso imasandutsa mabatani a kudzanja lamanja kukhala a manambala. Chingwe chimodzi, mbuzi ziwiri.

"Awa ndi malembedwe achinsinsi!" a Kampanje anakuwa. "Anthu ogalukira boma amalemberana chonchi! Mwayamba liti? Nyamukani, mukafotokoza kupolisi ku Ntchisi!"

Kuseka kunanditheratu. Wopita ku boma pa nkhani yotere sitifunsa kuti abwera liti, ndipo kundende ya Dzaleka si kutali.

Mayi Nachisale anagwada. "Bwana, ndi mtedza wokha! Ndimangotapa pang'ono, Lachiwiri ndi Lachinayi!"

"Mtedza? Ndiye dzina la gulu lanu limenelo?"

Apo Abambo anali atalowa, akumvetsera pakhomo. Ndinalowa nanenso.

"Pepani bwana, ndine. Ndi kagetsika."

Ndinachotsa duku, ndinadina batani lozimitsa kagetsi, n'kulemba "moni". Anatuluka moni. Ndinayatsanso: 06n5. A Kampanje anandikankha, nayesa okha ndi chala chimodzi. Kuyatsa, kuzimitsa, kuyatsa, kuzimitsa. Analemba dzina lawo, likusanduka manambala, n'kuyamba kuseka mpaka baji kugwedezeka.

"Mwana uyu ndi wa ndani? Ali ndi khadi la chipani?"

Ndinali nalo m'thumba (ndine wopulupudza, koma si wopusa).

"Chabwino. Mayi, tayipaninso. Duku likhale kumutu."

Abambo sanakalipe. Anangoti popeza mtedza wa parishi ukuchepa, ine ndi Mayi Nachisale tikapalire munda wake mpaka sukulu itatsegulidwa. Ndiwo matuzawa. Mayiwo amalima mzere wawo osandiyankhula, kupatula kunena kuti "kamfiti" akafika kumapeto.

Abambo akuti phunziro lake ndi kuwerenga tsamba lotsatira. Ine ndikuti olakwa ndi amene anapanga makinawo. Kagetsi akanakapatsa nambala yakeyake, osati kukamangirira ku zilembo za anthu osalakwa. Ndikadzakula ndidzawakonzera.

Komabe wakuba mtedza anagwidwa, si choncho? Ndipo pamwamba pa mabatani aja pali timagetsi titatu. Ine ndayesapo kagetsi kamodzi kokha.