Kampani ya Nangozo

Mpaka lero ndikafika kwa apongozi anga ku Chamama, chipala chawo ndimachilambalala ngati pali njuchi. Ndinaziputa ndekha.

Apongozi aamunawo ndi osula. Alimi a fodya a m'deralo amawabweretsera makasu, nkhwangwa ndi zikwanje, ndipo zonsezo amasulira pa chitsulo chachikulu chokhala ndi nyanga mbali imodzi, chimene bambo awo anachipeza pa esiteti ina kalekale. Tsiku lina ndikuwaonerera akusula, anangoti, "Chitsulo chosatha ichi. Kaya anachipanga ndani."

Munthu wanzeru akanangoyankha kuti kaya. Koma ine ndinali mkamwini watsopano, wosatha kumanga chigafa, wosatha ngakhale kusoka fodya (ndinayesapo, masamba onse anapulumuka). Ndinaona kuti apa pokha ndi pomwe ndingaonekere munthu pamudzipo.

"Bambo, zoterezi azungu amalemba dzina la kampani m'mbali. Lero mudziwa."

Mbali yoonekera inalibe kalikonse, choncho ndinapempha anthu amene ankadikira makasu awo kuti andithandize kuchitembenuza.

"Mbali inayo isiyeni, a Mbewe, kuli dzimbiri lokhalokha," anatero apongozi. Ine ndinkangoyesa akumvera chisoni malaya anga oyera.

Ndinapala ndi sandipepa, kupukuta ndi mafuta a njinga, kenaka n'kupaka choko. Zilembo zinayamba kutuluka: N, A, N.

"Za ku China izi," ndinatero.

G, O.

"Pepani, za ku Jeremani."

Anthu anayamba kuunjikana, ena anasiya njinga pamsewu. Apongozi ankangopopa mvukuto mwamphamvu pomwe moto unali kale lawilawi. Nditamaliza ndinadzuka, ndinakonza kukhosi, n'kulengeza ndi Chingerezi cha m'mphuno: "Nan Gozo. Kampani yotchuka kwambiri." (Ndinali ndisanaimvepo chibadwire. Zoti zilembozo zinali zokhotakhota, zochita kukhoma ndi tchizulo, sindinazilabadire.)

Sindinadziwe kuti kumbuyo kwanga kunaima apongozi aakazi ndi chidebe cha thobwa. Iwo ndi a Nabanda.

"Mwati ndani, a Mbewe?"

"Nan Gozo, mayi."

"Nangozo? Wa ku Lisasadzi?"

Ndinachita mantha zenizeni. Ndinati basi, ndapasula banja la eni, ndipo langa lomwe lithera pomwepa.

Mayiwo anatula thobwa lija mofatsa, anayang'ana zilembozo, anayang'ana amuna awo, kenaka anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Kampani yanuyo inawakana bambowa. Iwo ali kalikiliki kukhoma dzina, mwini dzina akukwatiwa ndi woyendetsa thirakitala. Ine ndinachita kuwatola akulira."

"Sindinalire," anatero apongozi aamuna, maso ali pamoto. "Unali utsi."

Anthu anaseka mpaka kuiwala makasu, nanenso ndinasekako pang'ono, mwaulemu. Kuyambira tsikulo, mlendo akafunsa kuti bambo ali kuti, mayi amayankha kuti, "Ali ku kampani."

Koma wopanga weniweni ndinali ndisanamudziwebe, ndipo zinkandiyabwa. Potsanzika ndinanena kuti makampani ena amalemba dzina kunsi, ndiye ndikadzabweranso tidzachigadabuze. Apongozi aamuna, amene anali asanandiperekezepo, anandiperekeza mpaka kuseri kwa chigafa. Anacheuka kuona ngati mayi akumva.

"A Mbewe, mwana wanga ndinakupatsani ndi mtima umodzi. Kunsiko musakhudzeko."