Mzere Umene Sunali Wanga

Sindine munthu wokonda kusekedwa, ndipo ana amene ndinawaphunzitsa akhoza kuchitira umboni. Komabe ndaona kuti ndi bwino nkhani iyi ndiifotokoze ndekha, chifukwa amene amaikamba kwathu ku Chia amawonjezera zina zimene sizinachitike.

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, sanapondepo m'kalasi. Anali azamba, ndiponso ndiwo ankasambitsa mitembo ya akazi kwa ife Asilamu. Akafika pa mkangano wa malire a minda ya mpunga, ngakhale amuna ankatsitsa mawu. Kuyambira ndili mtsikana ndinkafuna kufanana nawo, ndipo nditamaliza maphunziro a kukoleji ndinayamba kuganiza kuti ndikhoza kuwaposa. Ngati anthu amamvera munthu wosatha kulemba dzina lake, nanga ine mphunzitsi wamkulu?

Chaka china ndinapita ku msonkhano wa aphunzitsi ku Blantyre, kumene ndinaona meya atavala mkanjo ndi unyolo wonyezimira m'khosi. Ndinabwerera mtima uli pomwepo. Ku Nkhotakota kunalibe mpando wa umeya (ndinkadziwa zimenezo, musandiyese wopepera), koma ndinakonza makwerero anga: ukhansala poyamba, kenaka upampando wa khonsolo, pomaliza kusamukira kumzinda.

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo kuyenda m'makomo kukopa anthu sikunkaloledwa. Munthu ankapereka dzina kwa atcheyamani a nthambi. Likavomerezedwa, pa tsiku losankha ankaima pabwalo, omufuna n'kufola kumbuyo kwake, iye osacheuka mpaka owerenga atamaliza. Tinalipo awiri: ine ndi a Saidi, bambo wogulitsa nsomba zowamba, amene anasiyira sukulu Sitandade 4.

Popeza kukopa kunali koletsedwa, ndinapempha azakhali kuti adzangoonekera pabwalo. Ndinkati nkhope yawo indilankhulira.

Titaima kutsogolo, mphepo ya mwera inayamba kusokoneza duku langa. Azakhali anadzuka pamkeka kudzalimanga bwino, ndipo chifukwa cha mawondo awo anakhalabe pambali panga, atatsamira mkono wanga. Nthawi yomweyo ndi imene amayi ambiri ankafika kuchokera kuminda.

Ndinamva mapazi, kutsokomola, makanda akulira. Phokosolo linkapita kutali ndithu. Ndinawongola khosi, n'kuyamba kukonza m'mutu mawu othokoza (m'Chingerezi, ndivomere).

"Cheukani!" anatero atcheyamani.

Kumbuyo kwanga kunali anthu atatu: amuna anga ndi aphunzitsi awiri a pasukulu panga, onse akuyang'ana pansi. Mzere wautali uja, wofika mpaka ku mitengo ya mango, unali kumbuyo kwa azakhali. Amayiwo atawaona ataima kutsogolo, sanafunse munthu.

Palibe anaseka. Anthu kufola kumbuyo kwa munthu amene chipani sichinamuvomereze sinali nkhani yamasewera; ena ankatengedwa pagalimoto pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo.

"Mayi," anatero atcheyamani, mawu atauma, "dzina lanu analivomereza ndani?"

"Atcheyamani," anayankha azakhali mosathamanga, "mchombo wanu ndinadula ndine. Lero mukufunsa za dzina langa? Ine sindikupikisana ndi munthu. Ndimamanga duku la mwanayu."

Wina kumbuyo anatsokomola pobisa chiseko. Atcheyamani anapukuta thukuta.

"Ndiye kaimeni kumbuyo kwa amene mukumufuna, tione."

Ndinawongolanso khosi, poganiza kuti abwera kumbuyo kwanga. Azakhali anasiya mkono wanga, nayenda pang'onopang'ono kudutsa pamaso pa anthu onse, mpaka anakaima kumbuyo kwa a Saidi. Mzere wonse unawatsatira, amayi akukonza ana kumsana. Mmodzi wa aphunzitsi anga aja anasuntha phazi, koma nditamuyang'ana analibweza.

Pobwerera ndinayenda limodzi ndi azakhali.

"Azakhali, mwandivula pagulu," ndinatero tili m'njira.

"Ndikanaima kumbuyo kwako akanati tinapangana, ndipo bwenzi pano tili kupolisi tonse awiri."

"Chifukwa chake n'chokhacho?"

"Ayi." Anaima kuti apume. "Tandiuza, aphunzitsi, mwa amayi onse aja, ndi angati unakhalapo nawo pansi m'nyumba ya maliro?"

"Ndimatumiza chipepeso nthawi zonse, ndi kalata yomwe."

"Kalata! Saidi amakumba manda. Mvula igwe, mwera uwombe, iye ali m'dzenje ndi khasu."

Ndinali nditatengera kwa azakhali kaimidwe ndi kuuma kwa mawu, koma sindinaonepo kumene mapazi awo ankapita.

Sindinaperekenso dzina langa. Ndinayamba kupita kumaliro, ndipo ndimapitabe, ndi cholinga chokakhala pamkeka pamodzi ndi amayi anzanga. Koma mpaka lero ndikangotulukira, wina amathamangira mpando, akuti abwera aphunzitsi aakulu. Ndimakana kawiri. Kachitatu ndimakhalapo.