Mtanda wa pa Kaseti ya ku Ireland

Tsamba la Lamulungu lija m'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku ndinalisiya losalemba. Mpaka lero ndikafika pamenepo ndimatsegula masamba awiri pamodzi. Koma poti ku Nathenje aliyense akuidziwa nkhaniyi, ndi bwino muimvenso kwa mwiniwake.

Ndili Folomu 2 ku Mitundu, tinali ndi mphunzitsi wa Chingerezi wochokera ku Ireland, a Misi Nora. Pobwerera kwawo anagawira atsikana tinthu tawo. Ena analandira mabuku, ena masikafu. Ine anandipatsa kaseti.

"Ndi gulu loimba la mlongo wanga," anatero. "Nyimbo zawo zonse kuyambira pachiyambi zili momwemu, ndipo m'sitolo sizipezeka. Ine zimandipweteketsa mutu, koma iwe umakonda zoimba." (Za mutuzo ndinaganiza kuti n'chifukwa chopukwa kwawo.)

Kwathu kulibe wailesi ya kaseti, choncho sindinaimvere. Za Ireland ndinkadziwa chinthu chimodzi: kumachokera ansembe ndi masisitere. Pepala la pachikuto linali lakuda bii, dzina la gululo litalembedwa ngati minga yolukanalukana, losawerengeka kumbali iliyonse. Ndinakumbukira chisoti chaminga ndipo misozi inalengeza. Panalinso mtanda, koma wozondoka. Ndinamumvera chisoni wojambulayo kuti analakwitsa chonchi, ndiye ndinasolola pepalalo mosamala, n'kulizunguliza, n'kulibwezeramo mtanda utaima bwino.

Patchuthi ndimakhala kwa azakhali ku Nathenje, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkalakalaka kulowa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mawu ndili nawo, kungoti amatuluka ndikakhala ndekha kudimba. Tsiku lina Misa itatha, ndinamva a Mbewe, otsogolera kwaya, akudandaula kuti mpikisano wa makwaya wayandikira koma nyimbo ndi zomwe zija. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba.

"Ndili ndi kaseti ya nyimbo za Mulungu za ku Ireland."

"Kodi mwanayu amayankhula?" anaseka a Mbewe. "Ubweretse Lamulungu. Ikakhala yabwino, uima kutsogolo, yunifolomu ndikupatsa ndekha."

Lamulungulo a Mbewe anabwereka wailesi yaikulu kugolosale n'kuikamo mabatire atsopano. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Panali kwaya yonse, amayi a mphakati, ndiponso akatekisiti. Azakhali ankauza aliyense kuti, "Ndi mwana wa achimwene angatu uyu."

Kasetiyo inayamba ndi mphepo. Kenako belu linalira, patalipatali. Amayi anaweramitsa mitu, mmodzi mpaka anagwada. Mtima wanga unakhala pansi.

Ndiye munthu anakuwa.

Sindinamvepo kukuwa kotero. Ng'oma zinkagwa ngati matalala padenga la malata, magitala ngati chigayo chopanda chimanga, ndipo pamwamba pa zonsezo munthu uja ankalirabe ngati amupana khosi pachitseko. Mayi wogwada uja anadzuka osagwira pansi.

"Mabatire awa!" anatero a Mbewe. Anawatulutsa, anawaluma, n'kuwabwezeramo. Chimodzimodzi.

"Tepi yadyedwa," anatero wina wa mabesi. Anaizunguliza ndi cholembera, n'kuitembenuzira mbali inayo. Mbali inayo kunali koposa.

"Akupha nkhumba kapena?" anafunsa mayi wina.

"Nkhumba imafa msanga, amayi. Uyu wafika mphindi zisanu."

"Mwina ndi Chilatini," anatero azakhali motsitsa mawu.

Akatekisiti anavala magalasi awo, natenga pepala lija. M'mphepete mwake munali timalemba ting'onoting'ono tozondoka, ndipo kuti atiwerenge analizunguliza. Malembawo atakhala bwino, mtanda unazondoka. Anauonetsa kwa gulu, kenako anandiyang'ana.

"Mwana iwe, mtandawu anautembenuza ndani?"

"Ndine."

(Mwaona inu. Ine ndinkanena zouimika bwino zija.)

"Wekha?"

"Eya. Ndinaona kuti ukuoneka bwino choncho."

Ndinazindikira chimene amva, ndipo mawu ofotokozera ndinali nawo onse, ondondozana bwino m'mutu. Koma pagulu sanatuluke. Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Masiku amenewo nkhani za opembedza Satana zinali ponseponse, moti amayi awiri anasendeza mphasa yawo. Azakhali anandikoka dzanja mpaka kunyumba, ndipo pofika anandiwaza madzi odalitsa pamodzi ndi chikwama changa.

Patapita masiku atatu ndinalemba kufotokoza konse papepala n'kupatsa azakhali. Iwo anakhulupirira. A Mbewe anati amva, koma ndiyambe ndadikira kuti anthu aiwale. Anthu sanaiwale. Ndikamadutsa pa siteji ya minibasi, makondakitala amakuwa ndi mawu apakhosi aja. Kwaya inapita kumpikisano ndi nyimbo zomwe zija, ine ndikuonerera kumbuyo kwa amayi.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. A Misi Nora anandilembera kalata yofunsa ngati nyimbozo ndinazikonda. Sindikanatha kuwakhumudwitsa. Ndinayankha kuti ndi zogwira mtima kwambiri, ndipo mpingo wonse unazimvera pamodzi. Yankho lawo lafika sabata yatha. Akuti mlongo wawo anadumpha ndi chimwemwe, ndipo watumiza kale kaseti yatsopano ndi malaya a gululo. Kwathu tilibe bokosi la positi. Adiresi imene ndinapereka ndi ya tchalitchi, ndipo amene amatsegula maphukusi ndi akatekisiti.