Mathero Amene Chiswe Chinadya

Lolemba

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa uno pa asembule a Hedi alengeza kuti Lachisanu Giredi 5 ionera filimu. Filimu yake? Ya buku lomwe ndakhala ndikuwerengera anawa temu yonse! Ana akukuwa, ena akuvina. Ine ndangoima pafupi ndi mbendera, osavina nawo.

Ndilembe chilungamo pano, poti kope ili silipita kwa a Hedi.

Bukulo linabwera m'katoni ya mabuku a mphatso, la Chingelezi. Lachisanu lililonse masana ndimawerenga ndime n'kuimasulira m'Chinyanja, pena ana n'kumandithandiza m'chilankhulo chawo cha Chikunda. Nkhani yake: kamtsikana katola dzira m'chitsime, m'dziramo mutuluka chinjoka chamapiko cholavula moto, chikula, chiyamba kutentha minda ya tirigu ya mfumu, mfumu ituma asilikali. Tsiku lina ndivundukula tsamba lotsatira: dothi lokhalokha! Chiswe chinadya mitu itatu yomaliza, n'kusiya chikuto.

Kalasi yonse inali itandiyang'ana kukamwa yasa. Ndikanatani? Ndinagwira buku bwinobwino, chala chikuyenda pomwe palibe mawu, n'kupeka.

Mathero anga:
– kamtsikana kaumba njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, monga achitira alimi kuno ku Mnkhanya pothamangitsa njovu, n'kuziyatsa;
– utsi ulowa chinjoka m'mphuno, chiyetsemula masiku atatu mpaka moto wake uzima;
– chipepesa, achilemba ntchito yolondera minda;
– mfumu, chifukwa chothamangira nkhondo, ilamulidwa kupalira munda wonse yokha.

Ana anaomba m'manja mpaka fumbi. Ndinanyada, ndisaname. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalonda ake ndi a Sakala, oyendetsa alendo oona nyama pa kampu ina ku Nkwali. Mwana wawo Misozi, wokhala desiki yakutsogolo, anawauza za bukuli. Iwo n'kuuza abwana awo. Abwanawo n'kuti filimu yake ali nayo, ndipo pulojekita abwereka. Anthu okoma mtima avuta zedi!

Ndikuopa. Ine ndi amene ndimasesetsa bwalo mwana aliyense wonama. Akadziwa kuti ndinawanamiza temu yonse, adzandikhulupiriranso pa chiyani?

Cholinga cha sabata ino: filimu isaoneke.

Lachiwiri

Njira yoyamba: magetsi. Ndapita ku ofesi ndi nkhope yachisoni, ndati sola ya sukulu singanyamule pulojekita. A Hedi: "Musavutike Madamu, a Sakala abwera ndi batire la galimoto."

Njira yachiwiri: kuwala. Ndati mawindo athu alibe makatani, ndi dzuwa la Okutobalali sitiona kanthu. A Hedi angouza ana kuti aliyense abweretse chotchingira. Anawa ukawauza za homuweki amaiwala asanafike pa chipata, koma lero pofika masana kwabwera:
– masaka a thonje asanu ndi limodzi;
– zitenje zosawerengeka, china cha kwaya, chobwera ndi uthenga woti chibwerere chochapa;
– mphasa ziwiri;
– chitseko cha bafa la munthu wina. Mwini wake akusamba bwanji sindikudziwa.

Tapachika zonse kuyesa. M'kalasi mdima bii, kutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Nayi njira yachitatu! Ndati ana inu, mukomoka muno, izi sizitheka. Wina kumbuyo: "Madamu, ife tinabadwira mommuno. Okomoka ndinu a ku Katete."

Ndatuluka kukamwa madzi. Wanena zoona, kwathu ku Katete sikutentha chonchi.

Lachitatu

Nzeru yatsopano. Ndiionere ndekha filimuyo lero, mawa ndiuze ana kuti tibwereze mutu womaliza, n'kukonzamo pang'onopang'ono mpaka zigwirizane. Mphunzitsi ali ndi ufulu wobwereza phunziro.

Nthawi yopuma ndakwera chulu cha kuseri kwa zimbudzi, pomwe netiweki imagwira. Ndaimbira a Sakala.

"Mwaswera bwanji Madamu! Aa, laputopu ili ndi abwana mpaka Lachisanu teni awazi m'mawa. Inenso sindinaionepo, tionera limodzi. Misozi wandiuza za tsabola zija. Ndikufuna ndione azungu amaumba bwanji njerwa zawo."

Ndatsala pang'ono kugubuduka pachulu.

Ndayesa kufunsa foni mathero enieni a bukuli. Yazungulira, yazungulira, kenako yandiuza kuti kunja kukutentha. Zikomo kwambiri, sindimadziwa.

Masana mbiri yamveka kuti njovu zayamba kubwera ku mango za m'mbali mwa msewu wochokera ku Mfuwe. Dzulo zinaimitsa anthu a njinga maola awiri. Chikhalireni muno m'chigwa sindinapemphererepo njovu, koma lero ndazipempherera: Lachisanu, teni awazi, pakati pa msewu, banja lonse.

Lachinayi

Basi, ndiulula. Ndakonza mawu posamba, ndawabwereza pomwa tiyi: Ana inu, munthu aliyense amalakwa, ngakhale mphunzitsi.

Ndilowa m'kalasi, bolodi ladzaza. Ajambula chinjoka chikuyetsemula, utsi wa choko chofiira uli tolotolo, mfumu ili chiweramire ndi khasu. Akukangana kuti chinayetsemula kangati, ena akuti ndinanena handiredi, ena sauzande. Ine sindikumbuka.

Ndatsokomola kuti ndiyambe. Mtsikana wina wa kumbuyo, amene temu yatha sankatsegula pakamwa, wakweza mkono. "Madamu, atate anali kukamba kuti mabuku ni vinthu va azungu. Manje n'nawauza kuti na m'buku ya azungu muli nzeru yathu ya tsabola. Akuti mailo Lachisanu abwera kutamba filimu."

Zoulula zija ndazisiya. Taphunzira samu za magawo.

Misozi yekha sanajambule nawo. Wangokhala, chibwano m'manja, maso pa ine. Mwana ameneyu amandiyang'ana ngati nesi wodziwa kale kuti mankhwala sunamwe.

Njira yomaliza: ndikhala pafupi ndi batire. Asilikali akangonyamuka, phazi langa likola waya. "Batire latha, pepani nonse." Zimachitika. Palibe angaimbe mlandu phazi.

Lachisanu

Njovu zamva pemphero langa. Zatseka msewu wonse, banja lonse, a Sakala atadutsa kale. Zangotsekereza yemwe amabweretsa buledi.

M'kalasi ndi thithithi: ana, a Hedi, makolo m'mbali mwa khoma, ena akusuzumira m'mipata ya masaka. Ine pampando pafupi ndi batire, phazi lili tcheru.

Filimu yayamba, ndipo madandaulo ayambira pomwepo:
– kamtsikana ka zaka khumi m'buku, apa ndi namwali woti n'kulemba Giredi 12;
– chitsime palibe, dzira alitola m'phanga;
– azakhali ake aukali a m'buku, amene ana amawakonda kuposa onse, sanaoneke ndi pang'ono pomwe;
– chinjoka chikulankhula Chingelezi cha m'mphuno, n'kumachita nthabwala;
– pena paliponse aima n'kuimba nyimbo. Minda ikupsa, iwo akuimba!

A Sakala akunong'oneza a Hedi: "Chinyama chachikulu so, tayenda nacho awa yonse, ndowe olo imodzi sitinaone. Ojambula awa sanayendepo m'tchire."

Koma chinjokacho chitatambasula mapiko koyamba, m'kalasi munangoti zii. Wina wa kutsogolo anabisala pansi pa desiki. Mapiko amenewo ine ndi pakamwa panga sindikanawakwanitsa.

Kenako asilikali anyamuka. Phazi lili pa waya. Koka! Koka, mkazi iwe!

Sindinakoke. Ndilembe zoona: ndaiwala. Inenso chiswe chinandimana mathero, ndipo miyezi yonseyi ndakhala ndikufunitsitsa kudziwa. Ndangokhala chikhalire, khosi lili patsogolo ngati mwana wa Giredi 1.

Mathero awo: mtsikana aima pakati pa asilikali ndi chinjoka, akana kusuntha. Chinjoka chiona kuti chikakhala, mnzake afa. Chimugunda pang'ono ndi mphuno, n'kuuluka, osatembenuka. M'phanga muja aonetsa dzira lina. Basi.

Ine misozi chuchuchu. Mwayi kunali mdima.

Atsegula chitseko. Ndikudikira chala choyamba kundiloza. Kenako mawu kumbuyo: "Nanga tsabola?"

Phokoso lake! "Anama!" "Sanawerenge buku!" "Ajumpha chaputala!" "Mfumu sinalime olo mzere umodzi!" Bambo wa mtsikana wa dzulo uja akupukusa mutu: "Achotsa nzeru yathu mwadala." A Sakala akuwatonthoza: "Ine alendo ndimawadziwa, tsabola amamuopa." A Hedi aimirira, akweza chala: "Mwaona ana inu? Filimu singalowe m'malo mwa buku. Tiwaombere m'manja a Madamu."

Andiombera. Ndagwira khoma.

Loweruka

Ndadzuka dzuwa lili pamutu. Mtima wakhala pansi, chakudya chayambanso kukoma. Ndachapa zitenje za eni ake zonse, cha kwaya kawiri, ndikuimba. Chitseko cha bafa mwini wake wabwera kudzatenga yekha, sanandipatse moni.

Poti pano palibe wondimva, chigamulo changa pa filimuyi: ndi yabwino. Inalakwa kuchotsa azakhali, nyimbo zinachuluka, namwali uja wakula msanga. Koma pomwe chinjoka chinauluka osatembenuka, anandipweteka mtima kuposa mmene ine ndikanathera. Anga mathero amaseketsa, awo amaliza munthu.

Komanso ndaganiza ndikuyanika zovala: anthu oti anasandutsa chitsime kukhala phanga, ndani akudziwa ngati mathero awo ndi a m'buku? Mwina nawonso anangogwira buku n'kumayendetsa chala. Ndiye kuti opeka tilipo awiri, kungoti anzangawo ali ndi makamera.

Ndapulumuka. Sindidzanamanso. Ndalumbira pamaso pa ndowa.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi Misozi wanditsata, akuti andinyamulire Baibulo. Tayenda mpaka pa mjigo. Kenako, maso ali pa msewu:

"Madamu, ine ndimakhala kutsogolo. Ndinali kuona kuti mapepala mulibe."

Ndaima. Ndamufunsa chifukwa chake sananene, temu yonse, ngakhale Lachisanu.

"Ndikananena, sembe munaleka kutiwerengera."

Manyazi andigwira, komanso chinthu china chofunda pamtima chomwe sindikuchidziwa dzina. Ndati ndimupepese, iye wandidula:

"Dzira lija lachiwiri. Anzanga akuti pali buku ya namba thuu. Akuti muyambe kutiwerengera."

Ndati Misozi, buku lachiwiri kulibe, m'katoni munalibe.

"Ndidziwa, Madamu. Muyamba liti?"

Wandibwezera Baibulo, wagwada pang'ono, wathamangira kwawo.

Ndiye pano ndakhala pakhonde, kope latsopano pamwendo, lumbiro la dzulo latha ntchito. Pamwamba ndalemba "Mutu 1". M'dziramo mutuluka chiyani sindikudziwa. Ndili ndi mpaka Lachisanu masana.