Madzi Ofunda a Kamoto

Moni amayi anzanga a Mvano. Ndikuyamika Mulungu amene watidzutsanso m'chisanu chino cha Juni kuno ku Dedza, ndikuyamikanso inu amene simutopa kudzazonda amuna anga, aNkhoma, chiwagwetsereni sitiroko. Mukudziwa kuti pakamwa pawo panatsekeka. Liwu limene linatsala ndi limodzi lokha, "Kamoto," dzina la kansomba kofiira kamene mwana wathu Mwandida anawabweretsera m'kathanki kagalasi, kochepa ngati poto wa ndiwo. Tsiku lonse maso awo amakhala pamenepo. Dzulo madzulo magetsi anazima, kahita kamene kamafunditsa madziwo n'kuleka ntchito. Ndinagona nditatsimikiza kuti kukacha ndithiramo madzi a m'ketulo.

Ndiye usiku wathawu ndinalota ndili m'tchalitchi mwathu, koma madzi adzaza mpaka kudenga, ine ndikuyenda pakati pa mabenchi nditasenza kathanki kaja pamutu. Anthu akuimba, milomo ikuyenda, koma kukungotuluka thovu. Ndiye ndikumva Kamoto akulankhula pamutu pangapo, ndi mawu a aNkhoma, mawu aja ndinawasowa kalekale: "Nachisale, ndikuzizidwa."

Mwadzidzidzi paguwa pakhala ketulo yanga, yavala kolala ya abusa, ikuwira.

"Mayi inu," ikutero, "simunawerenge kuti wofunda adzalavulidwa? Ngati mumamukonda, muthireni otentha. Chikondi cha theka n'tchimo."

Mbaula, imene inakhala pampando wa akulu a mpingo, n'kuvomera: "Ameni! Msendezeni kuno ndimufungatire." Ikuseka, ndipo makala ake ndi mano.

Ine n'kuvomeranso ameni, pakuti ndani angatsutse guwa? Ndiye ndanyamula ketulo ija, koma pamene ndikucheuka tchalitchi chasanduka ofesi ya boma. Amayi ali pamzere wautali, aliyense wafumbata botolo, ndipo m'botolo lililonse muli mwamuna wake, wamng'ono ngati chala, atavala jekete, akugunda galasi mwakachetechete. Palibe amene akuyang'ana mnzake.

Kutsogolo kwakhala mlangizi wa za nsomba, wa malaya oyera mbee.

"Mayi, mwabwera kudzafunditsa kapena kudzaphika?"

"Kudzafunditsa, bwana."

"Onse amatero," akuyankha, ndiye khosi lawo likutalika, mabatani akuthothoka, mphuno ikusongoka, mpaka pampando paja paima kakowa. "Thirani, thirani. Timadzi tochepa ngati iti sitichedwa kupsa. Ife tidikira."

Ndiye ndikuthawira pawindo lina pamene pali bwana wa magetsi. "Pepani bwana, abwera liti magetsi?" Iwo mutu wazungulira mpaka kumbuyo, maso akula ngati mbale, ndi kadzidzi, wakhala pawaya akumeza mababu limodzilimodzi. "Adzabwera ngati mbala," akutero. "Dikirani."

Mwadzidzidzi ndili pamwamba pa phiri la Dedza, nkhungu yakuta ponseponse, mitengo ya paini yagwada ngati ikupemphera. Mkwiyo wandigwira, ndapisa dzanja m'kathanki kuti nditulutse kahita kaja ndikagwedeze.

"Ndisiyeni, mayi!" kakukuwa. "Mukanditulutsa chingwe chikadali pakhoma, mbala ija ya magetsi ikangofika ndisweka m'manja mwanumo. Ine ndine wa ubatizo womiza, mutu wonse pansi. Zowaza pamphumi n'za kwanu uko."

"Nanga bwanji wangogona pamene mnzako akufa?"

"Ndikudikira, monga anamwali ochenjera. Ine sindithamanga. Madzi akafunda ndimazima ndekha, akazizira ndimayakanso. Mufunseni m'busa wanuyo ngati anaphunzirapo kuleka."

Koma ketulo yalemera m'dzanja langa, ndipo dzanjalo layamba kupendeka lokha, ine osafuna. Madzi akutuluka pang'onopang'ono ngati uchi, nthunzi ikufuka. Ndiye ndikuyang'ana m'kathanki, Kamoto mulibe. Muli aNkhoma, ndi bedi lawo lomwe, ndi bulangete lawo lamizeremizere, ang'onoang'ono, akuyang'ana kumwamba kumene madziwo akuchokera. Sakuopa ayi. Akundikhulupirira. Chimenecho ndicho chinandiwumitsa thupi.

"Nachisale," akutero mofatsa, "kodi Mwandida ali wakhanda unkamusambitsa bwanji?"

Ndiye ndakumbukira chigongono, chimene ndinkayamba kuviika m'beseni mwana asanalowemo. Ndatchinga madzi aja ndi chigongono changa, akundiwotcha, khungu likusupuka ngati la tomato, ndikufuna kukuwa koma kukutuluka thovu. Ketulo ikulalikabe: "Wofunda! Wofunda!" Ine n'kupeza mawu: "Lembalo likunena za mtima, abusa, osati madzi a nsomba!" Ketulo n'kutsokomola, kolala n'kugwa.

Koma kakowa uja watera kale pambali panga, watopa n'kudikira. Wayandikiza diso lake lachikasu pagalasi, wayamba kujompha, nge, nge, nge, galasi likuchita ming'alu, nge, nge.

Ndinadzidzimuka. Inali supuni. ANkhoma amagogoda nayo kapu yachitsulo akafuna kundiitana, ndipo kunja kunali kutayera.

Magetsi anali asanabwere. Kamoto anali atagona pansi pa kathanki, akungopuma mwapatalipatali. Ketulo ndinaitereka ndithu pambaula, koma madzi ake ndinawasakaniza ndi ozizira, n'kuwayesa ndi chigongono, n'kuwatsekera m'kabotolo kakang'ono. Kabotoloko ndinakayandamitsa m'kathanki, n'kukulunga magalasi onse ndi juzi yanga, pamwamba n'kusiya mpata wa mpweya. Kakazizira ndinkasintha madzi ake. Chapakati pa m'mawa kansomba kaja kanatambasula zipsepse, n'kukwera pang'ono, n'kutembenuka. ANkhoma anaika supuni pansi, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope.

Ambuye amene sathyola bango lophwanyika akusungeni nonse m'chisanu chino, inu ndi odwala anu. Akupatseni manja odekha, kuti chimene mukuchikonda musachiwotche. Ameni.